Ndidzayamba liti kupalasa kabaza? Yankho kwa bambo amene anachitidwa opaleshoni ya hernia

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Balaka amene amadyera kabaza. Anachitidwa opaleshoni ya hernia ya m'mphechepeche masiku 10 apitawo. Analemba kuti: "Ulusi achotsa, bala lauma, koma mayi akunyumba akundiletsa ngakhale kugwira tsache. Mvula yayandikira, matumba a feteleza akufuna onyamula, ndipo ndalama zatha. Ndidzayamba liti kupalasa? Kodi zingang'ambikenso?"

Achimwene, zikomo polemba. Mayi akunyumba akukufunirani zabwino, koma kugona pamphasa tsiku lonse sikuchiza bala. Dzukani muziyenda. Komabe thumba la feteleza lisiyeni kaye.

Hernia ndi kabowo kapena malo ofooka pakhoma la mimba, pomwe matumbo kapena mafuta amatulukira n'kupanga chotupa. Pa opaleshoni amabwezera zimenezo m'kati, kenaka amasoka minofu, kapena kuikapo kaukonde kolimbitsa khomalo. Njira yosoka minofu anaiyambitsa dokotala wa ku Italy, Edoardo Bassini, m'zaka za m'ma 1880, ndipo ya kaukonde inafala patapita zaka pafupifupi 100. Ngati simunauzidwe njira imene anagwiritsa ntchito pa inu, onani m'buku lanu lakuchipatala kapena mukafunse, chifukwa amene angosokedwa popanda kaukonde nthawi zambiri amauzidwa kusamala nthawi yotalikirapo.

Chimene chimanyenga anthu ndi khungu. Khungu limatseka pa sabata imodzi kapena ziwiri, munthu n'kuyesa kuti wachira. Koma m'kati mnofu umalukana pang'onopang'ono. Pa masabata 6 umakhala utalimba ndithu, koma umapitirizabe kukhwima kwa miyezi ingapo. Mukapapasa pansi pa chipsera mupeza kamzere kolimba ngati chingwe. Musachite mantha, kumeneko ndi kulukana kumene ndikunenaku, ndipo kamafewa kokha. Kutupa pang'ono kapena kuda kwa khungu kumaliseche nakonso kumachitika, kumatha pakapita masabata.

Ndiye chitani chonchi. Masabata awiri oyambawa, yendani m'mawa ndi madzulo, lero mpaka pachitsime, mawa mpaka pamsika. Kuyenda kumayendetsa magazi, kumateteza kuti asaundane m'miyendo, komanso kumathandiza m'mimba. Tsache gwirani, mbale tsukani. Sabata yachitatu ndi yachinayi mukhoza kukwera njinga nokha, pamsewu wosalala, popanda wokwera kumbuyo. Chovuta si kupalasa kwenikweni, koma kuponya mwendo pokwera, mabampu, ndi kukakamiza pachitunda mutanyamula munthu wa makilogalamu 70. Zimenezo zidikire masabata 4 mpaka 6, mutaonananso ndi amene anakuchitani opaleshoni. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, thumba la feteleza 50. Chigubu chiyambe, thumba libwere pomaliza. Ndipo ponyamula pindani mawondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi, muzipuma, osatsekera mpweya m'chifuwa. Khasu nalonso ndi ntchito yolemetsa, musalione kuchepa.

Muyezo wanu ukhale ululu. Kukoka pang'ono si vuto. Kubaya kwakuthwa kukuti imani, yesaninso pakapita masiku.

Tsono pali adani awiri amene anthu sawawerengera, ndipo ine ndimawaopa kuposa njinga: kudzimbidwa ndi chifuwa. Munthu amakana kunyamula ndowa, koma m'mawa uliwonse akudzikakamiza kuchimbudzi mpaka thukuta. Kukakamiza kumeneko kumakankha balalo kuchokera m'kati. Imwani madzi ambiri. Nsima ya mgaiwa ikuthandizani kuposa ya ufa woyera, ndipo pambali pasasowe chisoso, bonongwe, nkhwani kapena papaya wakupsa. Nyemba, mazira, usipa ndi nsinjiro zimapatsa thupi zomangira bala. Mukafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, gwirani pabalapo ndi chikhatho kapena chitenje chopindapinda. Podzuka pamphasa, tembenukirani chammbali, mudzikankhe ndi mkono. Ngati mumasuta fodya, ino ndiyo nthawi yosiya, chifukwa fodya amachedwetsa kupola komanso amabweretsa chifuwa chomwecho. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni.

Funso lanu lomaliza: inde, hernia imatha kubwerera, koma mwa anthu ochepa, makamaka pamene aikapo kaukonde. Imathanso kutuluka mbali inayo. Mukadzaona chotupa chikubwerera mukaimirira, pitani mukaonetse chisanakule.

Koma izi zokha musadikire nazo kuti kuche: thupi kutentha, bala kufiira kapena kutuluka mafinya, chotupa cholimba chopweteka kwambiri, kusanza, mimba kufufuma osatulutsa mpweya kapena chimbudzi, kulephera kukodza, kapena katumba wa mwendo umodzi kutupa. Thamangirani kuchipatala, ndipo pabalapo musapake mankhwala azitsamba kapena phulusa.

Ndikudziwa kuti masabata 6 opanda kabaza ndi njala pakhomo, sindikuzitenga mopepuka. Ngati muli ndi mnzanu wodalirika pasiteji, mubwerekeni njingayo azikupatsani kenakake madzulo. Feteleza akanyamule achibale, inu mukathire ndi kachibekete, imeneyo ndi ntchito yoti mungathe ngati simukuwerama nthawi yaitali. Opaleshoni yachiwiri pamalo omwewo imakhala yovuta kuposa yoyamba chifukwa cha zipsera za m'kati, ndipo ingakukhazikeni pansi nthawi yaitali kuposa imeneyi.

Za kuchipinda simunafunse, koma ambiri amafuna kudziwa: pakatha masabata awiri, ngati sipakupweteka, palibe choletsa, bola mofatsa. Mayi akunyumba muwawerengere yankho lonseli, ndipo mawa madzulo mupite nawo limodzi kokayenda.