Tinyumba ta konkire ta m'mbali mwa ngalande ku England si zinyalala

Mayi ena amene amasamalira okalamba kufupi ndi Reading anditumizira imelo kufunsa za tinyumba ta konkire timene amationa m'mbali mwa ngalande ya Kennet and Avon. Akufuna kudziwa amene anatimanga ndiponso ngati munthu angalowemo, ndipo akuti mnzawo wa kuntchito anawauza kuti ndi zinyalala za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse zimene sizinaphule kanthu. Mawu a mnzawoyo andikhudza kwambiri.

Bambo anga anali mmisiri womanga, ndipo ine ndinakula ndikuwaponyera njerwa ndi kuwasakanizira simenti, choncho khoma lililonse ndimaliona ndi maso amene iwo anandipatsa. Tsiku limene ndinaima koyamba pa kanyumba kotere, maganizo anga anapita kwa amisiri asanapite kwa asilikali. Mizere ya matabwa amene anatchingira konkire inali kuonekabe, ndipo pena miyala inali itaunjikana popanda simenti yokwanira, umboni woti anthu ankathira mothamanga, alibe nthawi yotsendera bwino. Bambo akanaona zimenezi akanapukusa mutu, koma akanamvetsanso, pakuti ankadziwa kuwawa kwa kumanga zipangizo zikuperewera mwini ntchito ali pamsana.

Eni dziko amatitcha ma pillbox, ndipo anatimanga kuti asilikali azibisalamo n'kumawombera adani kudzera m'ziboo za pakhoma. Asilikali a Britain atathawa ku Dunkirk kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni 1940, anasiya zida zazikulu zochuluka ku France, ndipo aliyense ankayembekezera kuti Germany iwoloka nyanja. General Edmund Ironside, mkulu wa asilikali oteteza dziko la Britain, analamula kuti mitsinje, ngalande ndi njanji zisandutsidwe mizere yotsekereza akasinja, ndipo ngalande imene mumayendako, mayi, inali mbali ya mzere waukulu wotchedwa GHQ Line. Nthambi ya FW3 ya ku War Office, unduna wa zankhondo wa nthawiyo, inajambula mapulani ochepa oti kontirakitala aliyense athe kuwatsatira: Type 22 ya mbali zisanu ndi imodzi, Type 24 yokulirapo, ndi Type 28 ya kamwa lalikulu loikapo mzinga wowombera akasinja. Makoma otchinga zipolopolo anali a masentimita 30 kapena 40, pamene otchinga mizinga ankapitirira mita. M'kati ankamangamo kakhoma kena, nthawi zambiri kooneka ngati chilembo cha Y, kuti chipolopolo cholowera pa chiboo chimodzi chisanjanje n'kupha onse. Matabwa atasowa, amisiri ankatchingira konkire ndi njerwa kapena malata, ndipo njerwazo zinkatsala pomwepo ngati khungu la nyumbayo. Tonse pamodzi tinamangidwa pafupifupi 28,000, ndipo totsala lero tilipo pafupifupi 6,500.

N'zoona kuti adani sanabwere, ndiponso kuti General Alan Brooke, amene analowa m'malo mwa Ironside mu Julayi 1940, ankakhulupirira magulu ankhondo oyenda kuposa makoma. Komabe ine ndikukana kuti ntchitoyi inapita pachabe. Mlimi amene wamanga nkhokwe yolimba, njala n'kusabwera, sitimunena kuti wataya mphamvu. Amene anamanga tinyumbati sankadziwa mmene nkhondo idzathere, ndipo kuwaweruza ndi zimene ife tikudziwa lero n'kuwalakwira.

Chimene chimasokeretsa anthu n'chakuti timationa tili pambalambanda. Mu 1940 kanyumba kotuwa chonchi, ka ngodya zakuthwa, kakanaonekera patali kwa woyendetsa ndege, makamaka chifukwa cha mthunzi wake. N'chifukwa chake padenga ankathirapo dothi ndi kudzalapo udzu, makoma ankawapaka matope kapena penti yakuda ndi yobiriwira, ndipo ankaponyapo maukonde kuti ngodya zisadziwike. Tina ankatikankhira m'mipanda ya zitsamba kapena kutimata ku milatho. M'mphepete mwa nyanja ku Somerset, cha ku Porlock, tina anatikuta ndi miyala yoburungira ya pagombe pomwepo, ndipo miyalayo ikadalipo. Kumene kubisa kunali kosatheka, ankanamiza diso: Oliver Messel, katswiri wokonza masiteji a zisudzo, anasandutsa tina kuti tizioneka ngati milu ya udzu wouma, mabwinja kapena timalo togulitsira tiyi. Zambiri mwa zophimbazi zinali za matabwa, nsalu ndi penti, choncho zinawola kalekale. Pa mabwalo ena a ndege anachita kupitirira apo ndi Pickett-Hamilton fort, kanyumba kokwiriridwa pansi mpaka denga lake kulingana ndi nthaka, kamene ankakatukula ndi jeke nthawi yowombera ikakwana. Kwa ine luso lalikulu linali posankha malo, pakuti kanyumba koikidwa molakwika sikangabisike ngakhale mutathera penti yonse.

Za kulowamo

Tambiri tili m'minda ya eni ake, choncho pemphani kaye ngati sitili panjira ya aliyense. Tengani tochi, chifukwa m'kati mumakhala madzi, magalasi osweka ndi zitsulo zadzimbiri. Mukapeza khomo lotsekedwa ndi zitsulo musalimbane nalo, pakuti tina tinasungidwira mileme, imene malamulo a ku Britain amaiteteza. Kumene mungalowe, imani pa chiboo chachikulu n'kuyang'ana kunja: kawirikawiri mudzaona mlatho, msewu kapena powolokera, ndipo pamenepo ndi pamene omangawo ankayembekezera akasinja.