Yankho kwa achimwene a ku Hermanus pa nkhani ya wayini woyera wa kunyanja

Achimwene ndaliona funso lanu, mwati mwangoyamba uweita ku Hermanus, tauni ya mmbali mwa nyanja kuno ku South Africa, ndiye makasitomala akamafunsa wayini woyera wa malo ozizira inu mumangomwetulira osadziwa poyambira, komanso simukudziwa kuti amayenda ndi chakudya chanji. Musadandaule, ine chaka changa choyamba ku Cape Town ndinkaona ngati wayini woyera yense ndi chimodzimodzi, mpaka tsiku lina bwana ananditsanulira magalasi awiri kukhitchini nkundiuza kuti ndilawe ndinene kusiyana kwake, ndinangoti onse ndi owawasa, anthu kuseka mpaka misozi.

Komatu kuwawasako ndi pamene pagona nkhani. Mbali ya kuno nyanja ndi yozizira chifukwa cha madzi a Benguela ochokera kummwera, inuyo mukudziwa kale mukaponda madzi aja miyendo imachita dzanzi, kenako pali chimphepo chija cha mu December ndi January amachitcha Cape Doctor. Ndiye mpesa wobzalidwa pafupi ndi nyanja supsa ndi dzuwa ngati wa kumtunda kotentha monga Worcester, mphesa zake zimapsa pang'onopang'ono, shuga sakwera msanga, asidi amatsalamo wambiri, nchifukwa chake mukamwa mkamwa mumadzadza malovu ngati mwatafuna malambe kapena bwemba. Si kuti waonongeka ayi, ndi mmene amaufunira, ndipo mowa wake nthawi zambiri umakhala cha pa 12.5 mpaka 13.5 peresenti.

Mayina oti muwagwire ndi ochepa. Kuseri kwanu komweko kuli chigwa cha Hemel-en-Aarde, chimadziwika ndi wayini woyera wa Chardonnay ndi wofiira wa Pinot Noir, munda wa mpesa wa a Hamilton Russell unayamba kumeneko mu 1975. Elgin kuja kwa maapozi mukamadutsa pa msewu wa N2, kumazizira chifukwa nkokwera komanso nyanja siili kutali. Elim kufupi ndi Cape Agulhas komwe Africa amathera, mphepo yake ndi yosaneneka, Sauvignon Blanc wake ndi wakuthwa zedi. Ndiye pali Constantia, minda yakalekale ya 1685, imalandira kamphepo ka ku False Bay, ndi Darling uko ku West Coast.

Sauvignon Blanc ndi amene muzigulitsa kwambiri, mununkhizeni bwino mumva fungo la udzu wongodula kumene, tsabola wobiriwira uja wosawawa, mandimu, nthawi zina magwafa kapena magalagadeya. Ena amati amamva kamchere ka kunyanja, ine ndimakamva mu wa ku Elim koma sindingakangane ndi munthu amene sakukamva. Chardonnay wa kwanuko ndi wolemerako mkamwa chifukwa ambiri amakhalako mmigolo ya thabwa, koma sakhala wonona mopyola ngati wa kotentha, kumbuyo kwake kumabwerabe kandimu.

Pa chakudya ingokumbukirani zomwe timachita kumudzi, chambo chowotcha pamakala timafinyirapo ndimu eti? Wayiniyu akugwira ntchito ya ndimu uja basi, amatsuka mafuta mkamwa kuti nthongo yotsatira imveke ngati yoyamba. Ndiye kasitomala akaitanitsa nsomba ya hake ndi tchipisi, calamari, ma oyster kapena ma mussel a ku Saldanha, saladi ya tchizi cha mbuzi, mupatseni Sauvignon mosakayika. Akaitanitsa nsomba ya kingklip ya sosi wa batala kapena kirimu, nkhuku yowotcha, apo Sauvignon amachepa mphamvu, tengani Chardonnay. Nsomba ya snoek yowotcha yopaka jamu wa apricot ija imavuta pang'ono chifukwa cha kutsekemera, ine ndimapereka Chenin Blanc kapena Riesling wotsekemerako pang'ono, chimodzimodzi curry wa Cape Malay.

Ndinayesapo kunyumba ndi usipa wa tomato ndi anyezi womwe mlamu wanga anabwera nawo pa basi, ndi nsima, Sauvignon anakhala bwino kwambiri chifukwa tomato naye ndi wowawasa, koma nditangothira Nali wambiri zonse zinasokonekera, tsabola ndi mowa zimayatsana moto pakhosi, kukoma konse kwa wayini kunathawa. Pa steak kapena nyama ya mbuzi musavutike, wopyapyala chonchi amamira, apo mpofunika wofiira.

China chomwe ndinakalipiridwa nacho ndi kuziziritsa mopyola muyeso. Sauvignon azikhala cha pa madigiri 8 mpaka 10, Chardonnay 10 mpaka 12, mukamusiya mu baketi ya ayezi ola lathunthu fungo lonse limatsekeka, kasitomala amangomva madzi ozizira. Botolo likafika theka lichotseniko kanthawi muliike pa tebulo, ndipo galasi musamadzadze, pang'ono pansi pa theka pakwana. Tsiku la off kwerani msewu wa R320 uja wa ku Hemel-en-Aarde mukalawe nokha, minda yambiri imalandira anthu olawa, muwauze kuti mumagwira mu lesitilanti ku Hermanus komweko.