Menyu ya mapulogalamu yasowa pa Ubuntu? Musafomatitse laputopu

Achimwene, mwati mwaika Ubuntu 24.04 pa laputopu yomwe munagula m'tauni muno, ndiye menyu ya pakona ngati ya Windows ija simukuiona, komanso pulogalamu ina yomwe mwadawuniloda sikupezeka pa mndandanda. Musathamangire kukafomatitsa. Palibe chomwe chaonongeka, ndipo nkhanizi ndi ziwiri zosiyana.

Yoyambayo ndi mapangidwe chabe. Kuyambira 2017 Ubuntu imabwera ndi GNOME, pulogalamu yomwe imayendetsa maonekedwe a sikirini ndi menyu, ndipo a GNOME anachotsa dala menyu yamtundu umenewo mu 2011. Dinani batani la chizindikiro cha Windows pa kiyibodi, lembani zilembo zoyambirira za dzina la pulogalamu, kenako Enter. Mukadina batani lomwelo pamodzi ndi A, mapulogalamu onse atulukira pa sikirini.

Ngati mtima uli pa menyu ya pakona, tsegulani terminal (windo lolembamo malamulo) ndi Ctrl+Alt+T, mulembe sudo apt install gnome-shell-extension-manager. Mu Extension Manager, pulogalamu yoikira ma extension (timapulogalamu toonjezera pa GNOME), pitani pa Browse, mufufuze ArcMenu, yomwe imabweretsa menyu ya pakonayo, muiike. Ikadandaula za GMenu, ndiye kuti ikusowa gir1.2-gmenu-3.0, iikeninso ndi apt. Extension ina, Dash to Panel, imatsitsa mzere wa pamwamba uja n'kuuphatikiza ndi zizindikiro za mapulogalamu, kompyuta n'kumaoneka monga munazolowera. Sizidya bandulo, n'zazing'ono. Koma musakope ma extension pa fulashi ya mnzanu wa Ubuntu 22.04. Yake ili ndi GNOME 42, yanu 46, ndipo GNOME 45 itatuluka mu 2023 kalembedwe ka ma extension kanasintha moti akalewo sagwiranso. Zikapanda kuoneka pompopompo, chitani Log Out n'kulowanso. 

Yachiwiriyo ndiye imasokoneza ambiri. Menyu siyang'ana pulogalamu yeniyeniyo, imawerenga timafayilo tothera ndi .desktop, tomwe timakhala mu /usr/share/applications ndi mu ~/.local/share/applications. Pulogalamu yobwera ngati AppImage (fayilo imodzi yomwe imayenda osaikidwa) kapena yomasulidwa mu zip siika kafayilo kotero, n'chifukwa chake menyu siidziwa. Ikani menulibre, pulogalamu yokonzera menyu, muonjezere launcher (chizindikiro chotsegulira pulogalamu) yatsopano, mulembe dzina, ndipo pa Command musonyeze pomwe fayiloyo ili. Musanatero, isamutseni kuchoka mu Downloads kupita mu foda yake yokhazikika, chifukwa mukadzaisuntha pambuyo pake chizindikirocho chidzangokhala osatsegula kanthu. AppImage imafunanso chilolezo choti iyende: dinani kumanja, Properties, muyatse Executable as Program. Ikakanabe pa 24.04, kawirikawiri ikusowa libfuse2t64. Pulogalamu yomwe inaikidwa bwinobwino koma siikuoneka, tsegulani kafayilo kake muone ngati muli mzere wa NoDisplay=true, womwe umaibisa pa menyu. Koperani kafayiloko mu ~/.local/share/applications, mukonzere momwemo. Fodayo ndi yobisika, Ctrl+H iitulutsa.

Simunatchule RAM. Ngati ndi 4GB kapena kucheperapo, ndinganene kuti musavutike n'kukongoletsa GNOME, idzakhala yolemera ndithu. Linux Mint ya Xfce, yomwe mungaike m'malo mwa Ubuntu, imabwera kale ndi menyu ya pakona, ndipo ikasowa mumangodina kumanja pa panelo, Panel, Add New Items, n'kusankha Whisker Menu. Fayilo yake yoikira imaposa 2GB, choncho funsani kaye ophunzira za makompyuta ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu), ku Luwinga, ngati wina ali nayo pa fulashi. Sungani mafayilo anu pena musanayambe kuika.