Kwa achimwene a ku South Bend, Indiana, ku America, za kukoka RAV4 kumbuyo kwa motorhome

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma nkhaniyi siyoyankha ndi mizere iwiri ndiye ndati ndikhale pansi kaye. Kwa amene simunaone, achimwenewa agula motorhome, galimoto yokhala ndi nyumba yogonamo, ya mtundu wa Class C yakale pang'ono, yomangidwa pa chasisi ya Ford E-450, pa hitch, chitsulo chokokera chakumbuyo, pakulembedwa mapaundi 5,000, akufuna kupita ndi banja ku paki ya Yellowstone mu July ndipo akufunsa kuti RAV4 yawo ya automatic, ya AWD (matayala onse anayi amakoka), aikoke matayala onse anayi ali pansi, ija amati flat towing, kapena aikweze pa thirela.

Ndiyambe ndi zomwe mwina simukufuna kumva. RAV4 imeneyo musaikoke matayala ali pansi, chonde, ngakhale wina mu gulu muno akuuzeni kuti mnzake amachita. Tsegulani kabuku kamene kanabwera ndi galimotoyo, kamakhala mu glove box, muyang'ane pamene alemba za dinghy towing, mupeza a Toyota anena okha kuti galimotoyi sinapangidwe kuti izikokedwa choncho kumbuyo kwa motorhome. Chifukwa chake nchoti mu giyabokosi ya automatic muli pampu imene imazunguza oyilo, ndipo pampu imeneyo imayendetsedwa ndi injini. Injini ikakhala yozima pampu yaima, koma matayala akamagubuduka zitsulo zina za mkati mwa giyabokosi zikuzungulirabe, zouma, zikutentha, ndiye kuyika pa N sikukuthandiza kanthu. Kumudzi kuja timazolowera kuti galimoto ikafa pa M1 timangoimanga chingwe nkuikokera kwa makaniko, ndipo pa ya manual kamtunda kochepa zimatheka, koma apa tikukamba mamailosi pafupifupi 1,500 kupita kokha, pa sipidi ya highway. Giyabokosi siingafike. Pali ena amaika pampu yapadera ya magetsi kapena kachipangizo komasula driveshaft, ine sindingakulimbikitseni, tsiku limene kapampuko kaima muli pa I-80 simudziwa nkomwe mpaka fungo litayamba.

Wina wayankha kale kuti gulani dolly, kathirela ka matayala awiri kamene kamanyamula kutsogolo kokha. Dolly ndi yabwino pa galimoto ya front wheel drive monga Corolla kapena Camry wamba chifukwa matayala amene amakoka galimoto ali m'mwamba, akumbuyowo amangotsatira. Koma yanu ndi AWD, matayala akumbuyo nawonso ndi olumikizidwa ku makina, ndiye awiri ataima awiri akuzungulira mukuphwanya zinthu. Dolly ichotseni m'maganizo.

Ndiye mukuona ngati yatsala ndi thirela basi, ndipo nzoona kuti pa thirela galimoto ina iliyonse imakwera, AWD, CVT (mtundu wina wa giya ya automatic), ya magetsi monga Tesla, zonse, chifukwa palibe tayala logunda pansi. Koma tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amalowera m'dzenje. RAV4 imalemera mapaundi cha m'ma 3,500 mulibe katundu. Thirela yachitsulo yonyamula galimoto, monga zija amabwereketsa a U-Haul, payokha ili pa 2,200 ndi kanthu. Kuphatikiza ndi 5,700, hitch yanu ndi ya 5,000. Mwadutsa kale musanaikemo njinga za ana ndi cooler box, ndipo tonse tikudziwa kuti galimoto yokokedwa imasanduka sitolo, mayi akunyumba aikamo ufa, mapoto, mipando. Mukati mugule ya aluminium yopepuka, mwina ya 1,500, mwafika ndendende pa 5,000 popanda mpata olo pang'ono, ndipo mtengo wake siwamasewera.

Palinso nambala ina yachiwiri pa sitika ya pa hitch imene anthu saiwerenga, tongue weight, kulemera kumene thirela imatsamira pa hitch. Thirela kuti isamavine pa msewu imafuna kuti 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake ikhale pa hitch, ndiye pa 5,700 ndi mapaundi oposa 570, pamene hitch ya 5,000 nthawi zambiri imalola 500 okha. Ndipo Class C muione bwino chammbali, thupi lake limapitirira kutali kumbuyo kwa matayala akumbuyo, hitch ili kunsonga kwenikweni. Zili ngati kunyamula ndowa ya madzi mkono mutautambasula, ndowa ndi yomweyo koma phewa likumva kawiri. Ekiselo yakumbuyo imalemedwa, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama makamaka thiraki ikakudutsani kapena mphepo ya ku South Dakota ikakumenyani chammbali. Pa flat towing vuto limeneli kulibe, galimoto yanyamula kulemera kwake yokha pa matayala ake, pa hitch pali tow bar yokha, chitsulo cholumikiza galimoto ku motorhome.

Musaganizenso kuti mukapita kwa owotcherera akuikireni hitch ya 8,000 ndiye nkhani yatha. E-450 zambiri zili ndi GVWR ya 14,500 ndi GCWR ya 22,000, kutanthauza kuti motorhome yokha yodzaza isadutse 14,500, ndipo motorhome pamodzi ndi chimene ikukoka zisadutse 22,000. Pa pepala mpata ulipo wa 7,500, koma amene anamanga nyumbayo pamwamba pa chasisi ya Ford anawonjezera zitsulo kutalikitsa felemu, ndipo akalemba 5,000 amatanthauza kuti chowonjezeracho ndi pamene chimathera. Inu muli ndi mwayi kuti mzinda wa Elkhart uli pakhomo panu pomwepo, ma RV (nyumba zoyenda ngati yanuyi) ambiri a mu America amapangidwa kumeneko, anthu odziwa felemu ndi ma hitch ndi ambiri, pitani akaione ndi maso asanakhudze chilichonse.

Tsopano maganizo anga enieni. Ngati motorhome imeneyi mwaigula kuti muziyenda nayo chaka ndi chaka, flat towing ndi imene ingakukomereni, koma ndi galimoto ina osati RAV4. Mukayenda m'ma campground muona kuti ambiri akukoka Jeep Wrangler, si fashoni chabe, Wrangler ili ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, imene umaiika pa neutral, giya ya automatic pa P, basi matayala amasuka ku makina onse. Koma ya zitseko zinayi imadutsa mapaundi 4,000 ndiye pa hitch yanu yatsala pang'ono kudzaza. Imene ndingakuuzeni kuti muisake ndi Honda CR-V ya 2014 kapena yakale kuposa apo, imalemera chimodzimodzi ndi RAV4 yanu, banja likwana, ndipo a Honda analoleza okha m'kabuku kake. Samalani chaka, kuyambira 2015 anaikamo CVT ndipo sizikokedwanso. CR-V imeneyo ili ndi kamwambo kake m'mawa musananyamuke: mumaliza injini, phazi pa buleki, kudutsitsa giya m'malo onse, kenako kuchoka pa D kupita pa N, osati kuchoka pa R, kuisiya ikulira mphindi 3 kuti oyilo afike paliponse, kuzimitsa nkusiya kiyi pa accessory kuti chiwongolero chisakiyike. Osadutsa 65 mph, ndipo pakatha maola 8 mukukoka mubwerezenso. Kiyi akakhala pa accessory batire imadyeka ndiye muikitse waya wochajira kuchoka ku motorhome, apo ayi mukafika galimoto siilira. Galimoto zing'onozing'ono za manual zambiri zimalolanso, koma lamulo ndi limodzi, kabuku ka galimoto imeneyoyo ndi chaka chimenechocho, osati zimene wanena wogulitsa.

Zida zake ndi izi, ndipo si zotchipa. Base plate imamangidwa ku felemu ya galimoto kutsogolo, bampala amachita kuichotsa kaye, ndipo iliyonse imapangidwira mtundu umodzi wa galimoto ndiye mukasintha galimoto mugulanso ina. Tow bar, mayina odziwika ndi Blue Ox, Roadmaster ndi Demco. Zingwe ziwiri zachitsulo za safety zopingasa pansi pa tow bar, waya wa magetsi kuti ma indicator ndi mabuleki aziyaka kumbuyo kwa galimoto, ndi makina a mabuleki. Zonse pamodzi ndi kumangitsa konzekerani madola masauzande angapo. Tow bar ikhale yowongoka, kusiyana kwa hitch ndi base plate kusapitirire mainchesi 3, ikapendekeka kwambiri ndiye pa buleki yadzidzidzi galimoto imafuna kukwera kapena kulowa pansi pa motorhome.

Pa mabuleki ndiime pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amafuna kupulumutsa ndalama ndipo zimandipweteka, muli ndi ana m'menemo achimwene. Ma state ambiri amafuna kuti chokokedwa chikadutsa mapaundi 3,000 chikhale ndi mabuleki akeake, ena amayambira pa 1,500. Koma lamulo tilisiye, taganizani za njira yanu. Mukadzera I-90 mufika ku Wyoming nkukumana ndi mapiri a Bighorn, ndipo msewu wa US 14A uli ndi zitsetse za 10 peresenti, umenewo ndi motorhome yokoka galimoto musaudutse, dzerani US 16 kuchoka ku Buffalo, ndi wabwinoko. Ngakhale pamenepo mukutsika mtunda wautali ndi matani awiri akukukankhani kumbuyo, mabuleki a motorhome akatentha phazi limangolowa. Kabokosi monga Brake Buddy kamakhala pansi kutsogolo kwa mpando wa dalaivala mu galimoto yokokedwayo, kali ndi kamkono kogwira pedulo, mukaponda kutsogolo nako kamaponda. Kamakhalanso ndi kachingwe ka breakaway, galimoto ikamasuka kachingweko kamazuka mabuleki nkugwira okha mmalo moti ilowe mu lane ya anthu ena. Potsika gwiritsani batani la tow/haul pa motorhome ndi magiya otsika, injini ilire, musaope phokoso.

Flat towing ili ndi chilema chimodzi chachikulu, simungabwerere m'mbuyo. Olo mamita awiri. Matayala akutsogolo a galimoto amatsatira bwino mukamapita kutsogolo koma mukangoti rivesi amatembenukira mbali imodzi mpaka mapeto ndipo tow bar imapindika. Ndiye pa filing'i siteshoni mumachita kuyang'ana potulukira musanalowe, mupeze pampu yakumapeto yoti mutuluka osakhota kwambiri, apo ayi mutsika, kuzula mapini, mayi ayendetse galimoto padera, mubwerere, kenako kumanganso anthu akukuimbirani mahutala. Pitani m'ma truck stop akuluakulu monga Love's kapena Flying J, malo ake ndi otakasuka. Thirela apa imapambana, imabwerera m'mbuyo ngati mwaiphunzira, komanso matayala ndi ma bearing a galimoto sakutha, miyala yothamangitsidwa ndi motorhome siikumenya kwambiri penti ndi galasi.

Koma mukafika ndi pamene thirela imatopetsa. Flat towing kumasula ndi mphindi zochepa, tow bar mwaipinda kumbuyo kwa motorhome, mwapita kukaona Old Faithful, kasupe wotchuka wa madzi otentha wa mu Yellowstone. Thirela mumasule malamba anayi, mutsitse ma ramp, mutsitse galimoto, ndiye muli ndi zinthu zitatu pa malo a zinthu ziwiri. Ma campground ambiri malo ake ndi aafupi, amakuuzani kuti thirela mukaisiye ku overflow parking, ndipo RAV4 yanu mwina ilibe hitch yoti ikaikokere kumeneko. Mkati mwa Yellowstone malo okhawo okhala ndi magetsi, madzi ndi sewer ndi campground ya Fishing Bridge, ndipo pobukitsa amafunsa kutalika kwa zonse zimene mwabwera nazo. Mukabwerera ku South Bend thirela ifunanso pogona chaka chonse, nambala puleti yake, matayala ake, girizi mu ma bearing, ndipo pa Indiana Toll Road ndalama amawerengera ma ekiselo.

Anzathu a ku UK amene muli mu gulu muno, kwanuko flat towing amachita ndi A-frame, chitsulo chokokera chooneka ngati chilembo A, ndipo galimoto ikamangidwa choncho lamulo limaitenga ngati thirela, ikadutsa 750 kg mabuleki ake ayenera kugwira ntchito. Mukawoloka nayo kupita ku Spain apolisi akumeneko salola, amakuuzani kuti mumasule wina ayendetse, ndiye kwa inu oyenda ku Europe thirela ndi imene ilibe mikangano.

Ulendo wa July uno ine ndikanakhala inu sindikanakoka chilichonse. Motorhome ndi yatsopano m'manja mwanu, muizolowere kaye yokha, momwe imakhotera, momwe imaimira, momwe imamwera mafuta pokwera phiri. Mukafika ku Cody kapena ku West Yellowstone, matauni a pafupi ndi pakiyo, mubwereke galimoto ya masiku amene mukhaleko, bukitsani panopa chifukwa mu July zimatha msanga. Ndalama yake siifika olo theka la zida za flat towing, ndipo mukabwerako mudziwa ngati moyo umenewu banja laukonda musanagulitse RAV4 imene ikukutumikirani bwino.

Chimodzi chokha chitani sabata ino. Dzazani motorhome ngati mukunyamukadi, mafuta, madzi mu thanki, gasi, anthu onse alowemo, mupite pa CAT Scale, sikelo ya magalimoto akuluakulu imene imapezeka m'ma truck stop ambiri, ndi madola ochepa chabe ndipo amakupatsani pepala la kulemera kwa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo padera. Jambulani pepalalo pamodzi ndi sitika ya pa chitseko cha dalaivala ndi ya pa hitch, muziponye pano tiwerengere limodzi.