Mizere yonga ukonde pamwendo wa khanda si tsempho

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake anabadwa ndi mizere yolukanalukana pamwendo, ndipo apongozi ake akuti ndi tsempho. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa.

Wanga anabadwa m'chisanu cha Juni. Mwendo wakumanzere, kuyambira pantchafu mpaka pachidendene, unali ndi mizere yodera, yolukana ngati ukonde wa asodzi. Anamwino anati ndi kuzizira, ndimufunditse. N'zoona kuti makanda ambiri khungu limatero akazizidwa, n'kubwerera akafunda. Ndinamukulunga mashawelo awiri, n'kumugoneka pachifuwa usiku wonse. Kutacha, mizere ili pompo.

Kumudzi nkhani inakula. Ena anati ndinathira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera, ena anati bambo ake ankayendayenda ine ndili woyembekezera. Azakhali anafika ndi lumo ndi kabotolo ka mankhwala akuda kuti amuteme mphini. Ndinakana, ndipo tinatha miyezi itatu osapatsana moni. Lero ndikunena mosapsatira: lumo lisayandikire mwendo umenewo. Mizereyo ndi timitsempha ta magazi totakasuka, pena khungu lake n'lopyapyala, ndipo likhoza kuchita zilonda ngakhale popanda lumo. Chimandiwawa mpaka pano n'chakuti mwana akabadwa mosiyana ndi anzake, amene amayamba kuzengedwa mlandu ndi mayi, asanachire n'komwe.

Dzina la vutoli tinalimva kwa dokotala wa khungu: cutis marmorata telangiectatica congenita, mwachidule CMTC. Woyamba kulemba za vutoli anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Cato van Lohuizen, mu 1922. Silipatsirana, ndipo silibwera chifukwa cha mchere kapena mayendedwe a bambo. Kwa ana ambiri mizere imazilala m'zaka ziwiri zoyambirira. Wanga lero amamenya mpira, ngakhale mwendo uja ndi wowonderako pang'ono.

Zoti muchite

Pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa khungu, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ayeze kutalika ndi kunenepa kwa miyendo yonse iwiri, komanso maso, chifukwa ana ena amakhala ndi glaucoma, matenda a maso otha kuchititsa khungu, makamaka mizere ikafika kumaso. Mwezi uliwonse muzijambula mwendowo pafoni, mukawaonetse.