Ayi asisi, nesi uja sanakutengeni ngati wamisala

Asisi mwati munapita kukatenga PrEP wanu, mankhwala aja oteteza kuti musatenge HIV, ndi kukayezetsa matenda opatsirana pogonana, basi nesi n'kuyamba kukufunsani ngati tulo timabwera, ngati chakudya chimalowa, mpaka kufika poti kodi munaganizapo zodzipha, ndiye mukufunsa kuti kodi wachita zimenezi chifukwa ndinu trans, munthu amene anakulembani mwamuna pobadwa koma mumadzidziwa kuti ndinu mkazi, akukuonani ngati mutu sukuyenda bwino? Ndawerenga makomenti enawa mtima wandiwawa, ena akuti musakapondekonso, ena akungoseka. Ine ndine nesi, ndagwirapo zaka zingapo pa kakiliniki kena kolandira ma KP, magulu a anthu amene ali pachiopsezo chachikulu chotenga HIV, ndiye mundipirire ndilemba zotalikirapo.

Mafunso amenewo sanawapeke yekha ayi. Ndi fomu yodziwika dziko lonse, dzina lake PHQ-9, inatuluka mu 2001 ku America ndipo ilipo ya m'Chichewa imene inayesedwa konkuno, odwala shuga amafunsidwa, a ma ARV amafunsidwa, si ya ma trans okha. Ili ndi mafunso 9 ndipo onse amafunsa za masabata awiri apitawa basi, osati moyo wanu wonse. Funso lililonse timalemba 0 ngati sizinachitike, 1 ngati masiku angapo, 2 ngati masiku opitirira theka, 3 ngati pafupifupi tsiku lililonse, ndiye zonse zikaphatikizidwa sizidutsa 27. Zikafika 10 m'pamene timakoka mpando kuti tikambirane bwinobwino, 20 kupita m'mwamba ndiye kuti zafika povuta. Mzere ukatalika ambiri timayamba ndi mafunso awiri oyambirira okha, loti kodi zinthu zimene zinkakusangalatsani zikukusangalatsanibe, ndi loti kodi mumadzimva wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo. Ndipo fomuyo siinena kuti munthu ali ndi dipuleshoni, imangokhala ngati sikelo ya ku mzere wa ana, yongotiuza kuti uyu timuonetsetse.

Za misalazo, ngakhale a WHO anachotsa kale kukhala trans pa mndandanda wa matenda a m'maganizo, buku lawo latsopano la matenda linavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Chodwalitsa si chimene muli, ndi katundu amene mumasenzetsedwa tsiku ndi tsiku. Kwanu anakuthamangitsani kapena amangokupirirani chifukwa mumagula ufa, alandilodi akangomva mphekesera akuti nyumba ikufuna kukonzedwa tulukani, ntchito mukafunsira akaona chitupa nkhope n'kusintha, mu minibasi kondakitala akufuula kuti tione kodi ndi mwamuna kapena mkazi anthu n'kumaseka. Pamwamba pa zonsezo pali lamulo, gawo 153 lija limene amamangira ogonana amuna okhaokha, lofika zaka 14 kundende. Tonse tikukumbuka Tiwonge Chimbalanga, trans ngati inu, mu 2010, anagamulidwa zaka 14 zomwezo mpaka a Bingu anachita kukhululuka, mapeto ake anakakhala ku Cape Town. Jana Gonani, nayenso trans, anagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021 n'kuikidwa ku ndende ya amuna, ndipo mu June 2024 khothi linakana kuchotsa malamulowo. Munthu wogona ndi mantha otere zaka ndi zaka, tulo take tingakhale bwanji?

Nanga bwanji kufunsira ku chipinda cha makondomu ndi PrEP? Chifukwa ambiri a inu khomo la chipatala limene mumalowa ndi lomwelo basi. Ku mzere wa aliyense kuja kalaliki amaitana mokuwa dzina la pa kabuku, dzina lachimuna, iwe uli mu diresi benchi yonse n'kutembenuka, ndani angabwererenso kuti akanene zoti sakugona? Ndiye tikapanda kufunsa ife palibenso wina adzafunse. Chinanso, zinthu ziwirizi zimakokana. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2013 wophatikiza maiko angapo anapeza kuti pafupifupi 19 mwa ma trans woman 100 alionse anali ndi HIV, ndipo PrEP wakumwa uja amafuna tsiku lililonse, ma ARV chimodzimodzi. Munthu amene akukanika ngakhale kudzuka kukasamba, amene mumtima akuti kaya ndife kaya ndikhale ndi zomwezo, sangakumbuke piritsi, ndipo kasitomala kapena chibwenzi chikakana kondomu alibe mphamvu yokangana.

Ndikuuzeni za mmodzi, sindinena dzina kapena dera. Ankabwera mwezi ndi mwezi akudandaula mutu, mtima kuthamanga, thupi lonse kuphwanya, timuyeze malungo palibe, timupatse panado azipita. Ankafika atavala shati ndi thalauzi, wigi ili m'jumbo, akalowa m'chipinda n'kutseka chitseko ndi pamene ankaivala, ndipo m'mbali mwa zikhadabo munkatsalira timadontho ta penti yofiira imene anapala asanakwere minibasi. Fomu ija ndinamufunsapo kawiri konse, iye ayi, ayi, ndili bwinobwino, ine chonga chonga ziro. Tsiku lina akutulutsa kabuku m'chikwama ndinamva kabotolo ka PrEP kakulira ngati chisekese, kodzadza, pamene kanayenera kukhala katatha. Ndinaika cholembera pansi n'kungoti, kodi usiku mukagona maganizo amakusiyani? Anakhala chete akuyang'ana zala zake, kenako akuti anesi ine tambala woyamba amandipeza ndili maso, miyezi itatu tsopano. Titabwereza fomu yomwe ija mwachifatse inafika 17. Munthu yemweyo, mafunso omwewo, chinasintha ndi kafunsidwe kanga basi.

Apa ndiye ndivomere kuti vuto nthawi zambiri limakhala ife. Timafunsa chitseko chili pululu, mnzathu akulowa kudzabwereka sitampa, maso ali pa pepala, mwinanso tayamba ndi kukutchulani achimwene pamene mwatiuza kale dzina lanu. Ndipo mawu oti kukhumudwa kwa ife Amalawi amamveka ngati wina wakulakwira dzulo, anthu sanena choncho, amati ndikuganiza kwambiri, mtima wanga sukukhazikika, mutu ukulemera. Ngati nesi wanu anangowerenga mafunso ngati wapolisi osakuuzani chifukwa chake, analakwitsa, anayenera kuyamba wanena kuti awa timafunsa aliyense ndipo muli ndi ufulu osayankha. Choipa kwambiri ndi kufunsa munthu mpaka alire, kulemba nambala mu lejisitala kuti lipoti la mwezi likwane, kenako n'kumuuza kuti limbani mtima muzipemphera. Kutsegula chilonda wopanda bandeji m'manja kuli bwino osachiyamba.

Funso la 9 lija, lodzipha, ndi limene linakudzidzimutsani ndikudziwa. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo ayi, amene alibe amangoti ayi n'kupitirira, amene ali nawo nthawi zambiri amapuma kuti mwina wapezeka wondifunsa. Mukayankha kuti inde sikuti tikumangani zingwe kupita nanu ku Zomba, timafunsa kuti maganizowo amabwera liti, mwakonzapo njira, mumakhala ndi ndani, ndani tingamuimbire usiku zikavuta.

Muzimuuzanso nesi zonse zimene mukumwa, izi ndikunenetsa. Ndikudziwa ambiri mumagula mapiritsi olera kuti akhale ngati mahomoni poti kwina kowapeza kulibe, ine sindikuweruzani, koma amatha kusokoneza maganizo komanso kuundanitsa magazi m'mitsempha makamaka kwa osuta fodya. Ena amasiya PrEP poopa kuti achepetsa mphamvu ya mahomoni, sachepetsa. Amene anali pa ma ARV akale okhala ndi efavirenz akukumbuka maloto oopsa aja ndi kukhumudwa, ambiri anasinthidwa kupita ku dolutegravir kuyambira 2019 koma ngati wina akadali pa akalewo anene. Mowa, chamba, kuchepa magazi, zonsezi zimakweza nambala ya pa fomu, ndiye tisanathamangire kuti ndi dipuleshoni timafuna tidziwe.

Thandizo lilipo ngakhale ndi lochepa, ndisakunamizeni. Pali njira ya Friendship Bench imene anayambitsa Dixon Chibanda ku Harare, agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumakambirana ndi munthu vuto limodzi limodzi mpaka apeze pogwira, Achishona matendawa amawatchula kuti kufungisisa, ndi kuganiza kwambiri komwe timanena ifeku, ndipo njirayi inayesedwanso m'makiliniki a ma ARV ku Lilongwe. Nambala ikakwera pali mankhwala, fluoxetine kapena amitriptyline, koma sagwira ngati panado, pamadutsa masabata angapo musanamve kusintha ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. A St John of God, othandiza za matenda a m'maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zipatala za maboma zambiri zilinso ndi nesi wa za maganizo, ndipo ma peer, anzanu ophunzitsidwa kuthandiza anzawo, a ku mabungwe a CEDEP kapena Nyasa Rainbow Alliance amadziwa kuti ndi wachipatala uti amene sangakuyalutseni, afunseni musanapite.

Ndiye tsiku lanu likakwana pitani asisi. Mukalowa muwauze atseke chitseko, muwauze dzina loti akuitanireni, mufunse kuti pepalalo aliona ndani ndipo mu kabuku alembamo chiyani poti kabuku kamagwidwa ndi anthu ambiri kunyumba. Ngati tsiku lija munayankha ayi pamene mumtima munali inde, kanene kuti tibwereze, ife sitidabwa nazo. Koma ngati ndi funso la 9 limene munabisa, musadikire deti ya pa kabuku, pitani mawa m'mawa ndipo usiku uno musagone nokha, itanani mnzanu amene mumamukhulupirira. Kabotolo ka PrEP kaja mukatenge momwe kaliri, kaya ndi kodzadza.