Chikopa cholukira pa ndodo chikukhwefuka: vuto lili pati?

Bambo ena a ku Dedza anditumizira imelo. Akuti ali ndi ndodo yoyendera imene anasiya malemu bambo awo, komanso nkhwangwa yowazira nkhuni. Anadula lamba wakale wa m'chiuno n'kutulutsamo tizingwe tinayi, n'kulukira pogwirira ndodoyo. Tsiku loyamba zinaoneka bwino, koma pano chikopacho chikungozungulira m'manja ndipo mtengo ukuonekera m'mipata. Akufunsa ngati walakwika ndi kalukidwe kawo, komanso ngati angalukire mpini wonse wa nkhwangwa ija.

Bambo, manja anu musawaimbe mlandu msanga. Choluka chikakhwefuka, nthawi zambiri chimakhala kuti chinaonongeka munthu asanayambe n'kuluka komwe: posankha chikopa ndi poyeza.

Tiyambe ndi lambayo. Malamba ambiri a pakaunjika si chikopa chenicheni, ndi zinyenyeswa zomatidwa ndi guluu kapena pulasitiki basi. Ngakhale akhale achikopa ndithu, chikopa chambiri masiku ano chimafufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira imene inayamba kufala Augustus Schultz atailembetsa ku America mu 1884. Chikopa choterechi n'chofewa, n'chabwino pa nsapato ndi majekete, koma chimangotamuka, sichigwira mtengo. Dulani kachidutswa muone m'mbali mwake. Mukaona mzere wotuwa wopita kobiriwira pakati, n'chimenecho. Chofufuta ndi makungwa a mitengo chimakhala chofiirira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mukachidonthezera madzi chimamwa. Makungwa otchuka pa ntchitoyi kuno kumwera kwa Africa ndi a mtengo wa black wattle, womwe unachokera ku Australia ndipo umalimidwa kwambiri ku KwaZulu-Natal. Chikopa chimenechi mukachinyowetsa pang'ono chimamvera, chikauma chimakhala mmene mwachisiyira.

Akatswiri oluka zikwapu ku Australia amatama chikopa cha kangaroo chifukwa n'chopyapyala koma cholimba zedi. Ife tisavutike nacho. Cha mbuzi chilipo, ndipo n'chopyapyala mokwanira. Mwinanso chabwino koposa pa ntchito yanuyi n'chosafufuta chomwe, chifukwa chimafupika chikamauma n'kudzimanga chokha pamtengo. Okunga ng'oma amadziwa zimenezi: amaika chikopa chili chonyowa, dzuwa n'kumaliza ntchito. Pitani kumene amaphera mbuzi, mugule chikopa cha tsiku lomwelo, muchiviike m'madzi aphulusa masiku angapo mpaka ubweya uyambe kusosoka, mupale mbali zonse, mutsuke bwino, kenako muchikhomere pamthunzi chili chotambasula mpaka chiume. Dulani zingwe zanu kumsana. Cha kumimba chimatamuka kwambiri, chisiyeni.

Kuti mupeze chingwe chachitali pachikopa chaching'ono, dulani chidutswa chozungulira ngati mbale, muziyendetsa mpeni wakuthwa m'mphepete mozungulira, kulowera pakati. Mukafika pakati pomwe kona yayamba kuthina, lekani. Chingwecho chinyowetseni pang'ono, muchikulunge pamtengo, muchikoke ndi mphamvu. Kutamuka konse kuthere pamenepo, osati pandodo ya bambo anu. Chikatero m'lifupi mwake mumakhala mosafanana, ndiye muchidulenso kuti chifanane, n'kusenga pang'ono m'mbali mwake chakunsi kuti zingwe zizigona bwino pa zinzake. Ntchito yosenga imeneyi ndi yotopetsa, ndipo ndi imene anthu ambiri amailumpha.

Tsopano mipata ija. Apa m'pamene ndikukhulupirira kuti panagona vuto lanu lalikulu. Zingwe zoluka ziyenera kuyenda mopingasa, pa madigiri 45, ndipo kuti ziphimbe mtengo wonse, m'lifupi mwa zingwe zonse mukaphatikiza muyenera kupitirira kuzungulira kwa ndodo. Oluka zikwapu ali ndi lamulo lapafupi: yezani kuzungulira kwa mtengo, muchulukitse ndi 1.5, mugawe ndi chiwerengero cha zingwe. Ndodo yoyendera yonenepa masentimita 2.5 imazungulira masentimita pafupifupi 8. Kuchulukitsa ndi 1.5 tipeza 12. Ndi zingwe zinayi, ndiye kuti chilichonse chikhale masentimita 3 m'lifupi, chimene ndi lamba wathunthu, osati kachingwe. Ndi zingwe 8, chilichonse ndi sentimita imodzi ndi theka. Ndi 12, sentimita imodzi. Inu munang'amba lamba mmodzi panayi, ndiye kuti zingwe zanu zonse pamodzi mwina sizinafike n'komwe masentimita 4 pomwe pankafunika 12. Mukanakoka motani, mtengo ukanaonekerabe.

Pa ndodo ngati imeneyo ine ndingasankhe zingwe 8. Zinayi zimakhala zotambalala moti sizikongola, 12 zimasokoneza munthu wongoyamba. Pogwirira pa masentimita 15 pamadya masentimita 21 a chingwe chilichonse, koma dulani masentimita 40 kuti mukhale ndi pokokera. Chingwe chotsala mumadula, choperewera mumayambiranso.

Mtengo nawonso muukonze. Ndodo yakale imakhala yoterera ndi thukuta ndi mafuta a m'manja a zaka zambiri, mwinanso vanishi. Palani malo okhawo amene mukufuna kulukira ndi sandipepa wokhakhala, kenako mukulungepo ulusi wolimba wopaka phula, wonga umene amasokera nsapato, mothinitsa. Ena amapaka guluu pang'ono pansi pa ulusiwo. Chikopa chimaluma pa ulusi, pomwe pamtengo wosalala chimangotsetsereka. Komanso onetsetsani kuti mtengo ndi wouma. Wanu ndi wakale, palibe vuto, koma amene amalukira pa mpini wauwisi amapeza kuti mtengo wafwapa m'kati chikopa n'kutsala chili lendelende.

Kuluka kwenikweni sikovuta monga anthu amaganizira. Mangani nsonga zonse 8 mozungulira ndodo ndi ulusi uja, mbali yosalala ya chikopa ili kunja. Panani ndodoyo kapena muimangirire pamtengo kuti manja onse awiri akhale omasuka. Gawani zingwe, zinayi kumanja, zinayi kumanzere. Tengani chapamwamba cha kumanja, muchidutsitse kumbuyo kwa ndodo, chitulukire pakati pa zinayi za kumanzere, ndiye kuti chadutsa pansi pa ziwiri, kenako chigone pamwamba pa ziwiri zotsalazo n'kubwerera kwawo kumanja, koma tsopano chili pansi pa zinzake. Chitani chimodzimodzi ndi chapamwamba cha kumanzere. Pansi pa ziwiri, pamwamba pa ziwiri, mosinthana mpaka kumapeto.

Chinsinsi chili pa nthawi yokoka. Musakoke chingwe chimene mwangogoneka kumene. Kokani chimene mukufuna kunyamula, musanachidutsitse kumbuyo, uku chala chachikulu chikupanikiza pamphambano ya kutsogolo. Mphamvu ikhale yofanana mbali zonse, apo ayi mzere wa pakati uyamba kukhotera ku dzanja lanu lamphamvu. Muziyang'ananso kumbuyo kwa ndodo pafupipafupi. Kutsogolo kumanamiza, chingwe chopotoka chimabisala kumbuyo.

Ngati mwasankha chosafufuta, chikhale chachinyezi, osati chodontha madzi. Chiviikeni pang'ono, muchikulunge m'nsalu yonyowa usiku wonse, m'mawa muluke. Chonyowa kwambiri chimafufuma, ndipo chikauma chimachepa m'lifupi, mipata ija n'kubwereranso. Chofufuta ndi makungwa chimangofuna kupaka sopo wa mtanda wosungunula ndi mafuta a ng'ombe pang'ono kuti zingwe ziziterera pokoka.

Mukamaliza, mangani nsonga ndi ulusi mwamphamvu, mudule zotsala, muike ndodo pansi posalala n'kuigubuduza ndi thabwa mukupanikiza ndi thupi lonse. Muona choluka chija chikusalala, zingwe zikulowana. Pomangapo amabisa ndi mfundo imene Azungu amaitcha Turk's head. Ndi yokongola koma imafuna kuonera kwa munthu, pakuti kuifotokoza ndi mawu kumangozunguza mutu. Pakadali pano kulungani kachingwe kachikopa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, nsonga yake muilowetse pansi pa mikulungoyo. Iume pamthunzi, osati pamoto, kenako mupake phula kapena polishi wa nsapato wopanda mtundu. Chosafufuta muchisunge kutali ndi agalu ndi makoswe, amachikonda ngati ndiwo.

Za nkhwangwa, yankho langa ndi ayi. Powaza nkhuni dzanja lakutsogolo limatsetsereka pa mpini, ndipo zoluka zimaligwira n'kukutulutsani matuza. Khasu n'chimodzimodzi, kuwonjezera apo dothi ndi chinyezi cha dzinja zimalowa m'mipata, mtengo n'kumaola m'kati inu osaona. Malo amene chikopa chimathandiza pa nkhwangwa ndi kumutu kwa mpini, pafupi ndi pamene palowa chitsulo, poti m'pamene pamayambira kung'aluka. Pamenepo simufunika kuluka. Kulungani chosafufuta mothinitsa mbali zonse ziwiri za bowo, chiume. Azulu ankachita zofanana pa mikondo yawo: ankasenda chikopa cha mchira wa ng'ombe chathunthu osaching'amba, n'kuchiveka chili chachiwisi pamene chitsulo chalowa mumtengo.

Koma ngati mpiniwo wayamba kale mng'alu, musaubise ndi chikopa kapena mphira ya chubu cha njinga monga timachitira pa zikwanje. Nkhwangwa ikaguluka imapita kumene yafuna. Semani mpini wina, chikopa cha mbuzi chija chipite ku ndodo.